Mapazi Makumi Awiri ndi Atatu Kuchokera pa Mkuyu

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Ndine Matiyasi, mwana wanu woyamba, uja munkati makutu ake ndi okongoletsa mutu basi. Kuno tadzuka. Ndikulemba nditakhala pakhonde la nyumba yanu, dzuwa likuwomba bwino, koma kamphepo kochokera kuphiri kaja sikanasinthe khalidwe. Papita zaka zinayi chigonereni inu. Ine ndinabwerako ku Joni mwezi wa Meyi, ndipo ulendo uno ndabwereratu. Chifuwa chimandikumbutsa fumbi la mumgodi m'mawa uliwonse, koma musade nkhawa, mpongozi wanu Malita akundifukiza masamba a bulugamu ndipo ndikupezako bwino.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Velonika anabereka mwana wamkazi ku Kandeu kuja anakwatiwa. Anamutcha Aginesi, dzina lanu, ndipo kamwanako katenga chipumi chanu ndi liuma lanu lomwe. Kakati phala sikakufuna, ndiye kuti yatha. Kachewere wachita bwino kumunda wakumtunda. Matalala anagwa mu Febuluwale nang'amba masamba a chimanga cha kutsidya, tinaona ngati tapsa, komabe nkhokwe yadzaza mpaka m'khosi. Ng'ombe yanu ya nyanga imodzi yaswa kawiri. Akapitawo a zaulimi akutilimitsa mizere yopingasa phiri, amabwera ndi chingwe kudzatiyezera. Mukanakhalapo mukanawafunsa kuti anayamba liti kuudziwa munda wanu kuposa inu.

Za mng'ono wanga Leonadi ndilibe chokoma chokuuzani. Maliro anu atatha sanabwererenso kusekondale. Anapita ku Halale kukafuna ntchito ya ukalaliki, analemba kawiri, kenako zii. Anthu ayamba kumutcha mtchona. Ine mawu amenewo sindiwalola pakhomo pano.

Tsopano nkhani yeniyeni imene yandigwiritsa pensulo. Mukukumbukira tsiku lija munkasenda mtedza pansi pa mpichesi, ine ndikumanga katundu wa ulendo wachiwiri? Munanena za bambo, amene mwala unawagwera mumgodi ine ndili wamng'ono, naikidwa konko. Munandituma kuti ndikaone pamene anagona. Ndinapitadi, ndinapeza mitumbira yosawerengeka, yofanana ngati mizere ya mbatata, yopanda ndi dzina limodzi lomwe. Nditakulemberani zimenezo munandiyankha mawu ochepa: “Bambo ako anasowa atafa kale. Ine ndikadzagona musadzandisowetse.” Ndinalonjeza kuti ndidzakumangirani chiliza cha njerwa ndi simenti, dzina lanu pamwamba.

Pamaliro anu sindinalipo, mukudziwa. Kalata ya Leonadi inandipeza patatha milungu isanu, anthu atameta kale. Ndinalira ngati mwana kuseri kwa komponi, nyumba zimene tinkagonamo ife a mumgodi. Kumunsi kwa kalatayo iye anawonjezera mawu awa: “Achimwene, mtanda taika wamtengo, ndipo chiswe cha kwathu mukuchidziwa. Ndiye ndayeza malowo. Kuchokera pamwala uli patsinde pa mkuyu wa kumanda, madigiri 210, mapazi 23. Inu ndinu a saveya, mumva.” Kalatayo ndinaipinda ndi kuisunga m'chitupa changa zaka zonsezi.

Madigiri ndi chonchi, Amayi. Munthu akaima pamalo amodzi n'kutembenuka mpaka kuyang'ananso kumene anayambira, amati wazungulira madigiri 360. Akatembenuka theka, kufulatira kumene ankayang'ana, ndiwo 180. Imeneyi inali ntchito yanga. Zaka zisanu ndi zitatu ndinkanyamulira mzungu woyeza njira za mumgodi, amene tinkamutcha saveya, chipangizo chake cha miyendo itatu. Lamulo lake linali limodzi ndipo analikhomerera m'mutu mwanga: yambira kumpoto, tembenukira kumanja. Potsanzikana anandipatsa kampasi yake yakale, ija ya singano yoloza kumpoto. Ndinabwera nayo kumudzi ndikuyenda ngati ndanyamula nzeru za dziko lonse m'thumba la jekete.

Nditafika ndinapeza kuti Leonadi ananeneratu, kungoti sichinali chiswe. Chaka chathachi anthu osaka mbewa anatentha tchire, moto unalowa kumanda n'kunyambita mitanda yonse ya mbali yakumadzulo. Mvula inaphwetsa mitumbira, ndipo pakati pake pagona anthu ena atsopano. Ndinaitana adzukulu awiri amene anakukumbirani. A Kadzuwa analoza uku, anzawo analoza uko, nayamba kutukwanizana za amene analedzera tsikulo. Velonika anati akukumbukira kuti panali chulu pafupi, koma chulucho anachigumula poumba njerwa za tchalitchi. Mumadziwa kuti kumanda sitipitako ngati kumunda, ndiye palibe amene anasunga malo m'maso. Ine ndinawauza onse kuti akhazike mtima pansi, nkhaniyi ili papepala.

Tinapempha chilolezo kwa akulu a mudzi ndi a mpingo, tinatuta njerwa pangolo, ndipo Loweruka m'mawa tinalowa. Ndinaima pamwala uja patsinde pa mkuyu. Ndinadikira singano ikhazikike, ndinayang'ana kumpoto, ndinatembenukira kumanja: kum'mawa, kummwera, n'kupitirirako pang'ono mpaka 210. Ndinawerenga mapazi mokweza kuti aliyense amve. Phazi la 23 linatera pamtumbira penipeni. Amayi, mmene ndinadzimvera! Ndinachita kutsokomola mwaulemu ngati bwana.

A Kadzuwa anakanda kumutu. “Iwe mwana wa Nankhoma,” anatero, “apa ine ndikuona ngati tinagoneka a Nangondo.”

“Agogo,” ndinayankha, “maso amakalamba. Singano ya kampasi sikalamba.”

Inde, Amayi, a Nangondo omwe aja, amene munakangana nawo zaka makumi awiri za ngalande ya kudimba. Anakutsatirani patangopita miyezi iwiri, ngati kuti anali ndi mawu otsala. Ine sindinalabade. Tinalambula udzu, ndinakhoma zikhomo, ndinakoka chingwe, ndipo tinayamba kukumba kangalande ka maziko kuzungulira mtumbirawo.

Tili mkati mokumba, Velonika anafika kuchokera ku Kandeu, mwana kumbuyo, m'manja atanyamula buku lanu la mapemphero lija lachikuto chakuda. Anati wabwera nalo kuti tiimbe nyimbo yanu. Potsegula anandionetsa mkati mwa chikuto. Munali dzanja la Leonadi, zilembo zake zopendekera kumbuyo zija za munthu wamanzere. Analemba kuti kuchokera pa mkuyu, 150, mapazi 23. Patsogolo pa 150 panali kamzere kakang'ono kogona.

“Achimwene,” anatero Velonika, “kalata yanu ikuti 210, buku likuti 150. Munthu mmodzi wagona pawiri?”

Ndinabwerera pamwala ndi kampasi kuti ndimuonetse. Kumpoto, kumanja, 150, mapazi 23. Ndinakathera kunja kwa manda, m'bango la kumtsinje, nsapato zili thope lokhalokha. Ndinabwerako ndikuseka. Ndinati Leonadi anali ndi chisoni, mutu sunkagwira, analakwitsa polemba m'bukumo, ndipo kamzereko ndi inki yodontha. Nambala yoona ndi imene yatifikitsa pamtumbira. Ndinauza anthu kuti atunge madzi tikande simenti.

Velonika sanakweze mawu. Anamasula mwana, anakhala pamulu wa njerwa, namuika pamwendo. “Achimwene, ndinu aakulu, koma lero njerwa siikidwa pano. Leonadi sankalakwitsa masamu. Ngati walemba ziwiri, pali chimene inu simukuchiona.”

Ndinapsa mtima, sindikubisirani. Ine woyenda pansi pa nthaka zaka zonsezo osasokera, ndiphunzitsidwe ndi mwana amene ndinamubereka kumsana? A Kadzuwa ndiwo anathetsa nkhani ndi chipongwe chawo cha udzukulu. Anati, “Manga, mwana wanga, manga. Uwatsekere m'nyumba imodzi, a Nangondo pansi, dzina la Nankhoma pamwamba. Koma utiuziretu tisamuke, chifukwa m'mudzi muno simukhalanso mtendere.” Anthu anaseka, ine sindinaseke. Ndinanyamula thumba la simenti n'kubwera nalo kunyumba.

Lamulungu titachoka ku Misa ndinakhala pakhonde pomwe pano, mawu anu aja akundizungulira m'mutu, oti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinatulutsa bokosi lanu lachitsulo. Pansi pa nsalu munali makope a Leonadi a kusekondale, amene munkawasunga ngati ndi Baibulo ngakhale simunkatha kuwerenga Chingerezi. Ndinayamba kutsegula limodzilimodzi. M'kope lachitatu ndinapeza masamba odzaza mitanda. Ndinayamba ndadabwa kuti kodi masamu kapena katekisimu. Mtanda uliwonse unali mizere iwiri, wogona ndi woimirira, ndipo kuchokera pakati pake pankatuluka mzere wina wopendekera. Kamuvi kokhota kankasonyeza kumene mzerewo wachokera.

Ndinayang'anitsitsa timivi timeneto. Palibe ndi kamodzi komwe kamene kanayambira pamwamba, kumene ife a mumgodi timaika kumpoto. Tonse tinkayambira pa mkono wa kumanja wa mtanda, umene pamapu ndi kum'mawa, ndipo tinkakhotera kumanzere. Kusukulu amayambira kwina, Amayi, ndipo amazungulira mosemphana ndi ife! Tsamba lotsatira linali ndi timivi tina tokhotera kumanja, ndipo nambala ya kalikonse inali ndi kamzere kogona patsogolo. Si inki yodontha ayi. Kamzereko kamatanthauza kuti watembenukira mbali inayo.

Ndinatenga kamtengo n'kujambula pabwalo. Kuchokera kum'mawa, kumanzere, 210. Kuchokera kum'mawa komweko, kumanja, 150. Mizere iwiriyo inagona pamodzi ngati umodzi. Ndinaphatikiza 210 ndi 150, inakwana 360, kuzungulira kwathunthu. Zili ngati ana awiri ozungulira nkhokwe, wina kudzera uku wina uko, n'kukagundana pamalo amodzi kuseri. M'kopemo munali ngakhale chitsanzo choti munthu akazungulira kathunthu n'kuwonjezanso, nambala imakula koma nkhope imaloza komwe kuja. Ndiye 210 yemweyo akhoza kutchedwanso 570, mukawonjeza 360. Mayina ambiri, koma njira ndi imodzi.

Panalinso china chimene ndinachikonda. Pachithunzi chilichonse Leonadi anapaka pensulo yofiira kangodya kakang'ono ka pakati pa mzere wopendekera uja ndi mzere wogona. Nambala ikule bwanji, iye ankafuna kangodya kameneko, kamene kamakuuza kuti wapatuka pang'ono bwanji kuchoka pamzere wogona. Kwa 210 ndi kosavuta: 180 yakufikitsa kumadzulo, yotsala ndi 30. Ndiye kuti zonse zimene mwanayo ankanena ndi izi: yang'ana kumadzulo, upatukire kummwera madigiri 30 okha. Njira yanga ya kampasi inandipatutsa madigiri 30 kuchokera kummwera. Nambala yomweyo, koma manda a eni.

Ndinaitana Velonika, amene anali kuseri akuyanika matewera. Ndinamufunsa ngati anamuona Leonadi akuyeza, ndipo ankayang'ana kuti.

“Ndinamuona, tsiku lotsatira maliro. Anagwada pamwala paja atayang'ana khomo la tchalitchi, ali ndi chingwe ndi kathabwa kake kooneka ngati theka la mwezi. Ndinamukalipira kuti kumanda sasewerako.”

Khomo la tchalitchi lili kum'mawa kwa mkuyu, mukulidziwa. Ndipo kathabwa ka theka la mwezi kamathera pa 180, sikangayeze 210. Ndiye mwanayo anayeza 150 chakumanja, nalemba m'buku lanu pomwepo. Polembera ine anaisandutsa 210, kuti mkulu wake wa ku Joni asavutike ndi timizere. Ankandichitira ulemu. Ankaganiza kuti ndimadziwa zonse zimene iye amadziwa, ndipo inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Ndinachita manyazi kwambiri, Amayi. Ndinamunena mwana wanu pamaso pa anthu kuti mutu sunkagwira, chonsecho wosagwira mutu ndinali ine. Ndinamva ngati mukundiuza muli pakhonde pomwe pano kuti safunsa anadya phula.

Lolemba m'mawa tinabwererako anthu ochepa, ine, Velonika ndi a Kadzuwa. Ndinaima pamwala, khomo la tchalitchi kumsana, nkhope kumapiri a kwa Apwitikizi. Ndinapatukira kumanzere madigiri 30. Poyenda ndinakumbukira kuti Leonadi ali ndi miyendo ya kakowa, ndiye ndinatambasula mapazi mpaka buluku kulira. A Kadzuwa anati ndikuyenda ngati ndikuwoloka mtsinje. Ndinawerenga chamumtima ulendo uno.

Phazi la 23 linatera pamalo athyathyathya. Panalibe mtumbira, panalibe mwala, udzu wokhawokha ndi kachitsamba kophukira pa chitsa chopsa. Kangalande kanga ka Loweruka kanali uko, mapazi ngati khumi ndi awiri. Loweruka ndinali wotsimikiza ndipo ndinalakwa, nanga lero ndidziwa bwanji? Ndinauza Velonika kuti sindingamange pongodalira pepala kachiwiri. A Kadzuwa anangoti, “Mwina ndi pano,” koma mawu awo analibe msana.

Velonika anandipatsira mwana. “Achimwene, pali chimene sindinauzepo munthu. Musakanene kwa aphunzitsi a mpingo.” Anati paja aphunzitsiwo anatiletsa mwambo wakale woika ziwiya za malemu pamanda, ati n'zachikunja. Koma iye sanathe kupirira kuti mupite opanda chomwera. Tsiku limene Leonadi ankayeza, iye anatenga kapu yanu, anaiboola pansi ndi msomali monga ankachitira agogo, naikwirira chakumutu, osazamitsa.

Anagwada nayamba kufukula ndi kamtengo. Poyamba sanapeze kanthu. Anasunthira pang'ono chakumadzulo, nafukulanso ndi manja. Ine ndinaimirira ndi Aginesi, akundikoka ndevu. Kenako kamtengo kanagunda chinthu, ngwe.

Inali kapu yoyera ija yachitsulo, ya mkombero wabuluu, imene ndinakubweretserani pa ulendo woyamba. Ndinaizindikira ndi pamene inasupuka pafupi ndi chogwirira, tsiku limene munaigwetsera pafuwa pothamangitsa nkhuku. Munali dothi lokhalokha ndi mizu ya udzu yotulukira pachibowo. Velonika anaipukuta ndi nsonga ya chitenje. A Kadzuwa anavula chipewa. Ine ndinagwada pomwepo, mwana ali m'manja, ndinati, “Amayi, ndabwera.” Maliro amene sindinalire kumudzi kuno zaka zinayi zapitazo ndinawalira tsiku limenelo.

Tisanayambe zanu tinapita kaye kwa a Nangondo. Ndinakwirira kangalande kaja ndi manja anga, ndinaunjikanso mtumbira wawo bwinobwino, ndinawapepesa, ndipo ndinakauza ana awo zimene zinachitika. Ndawasemera mtanda wa muwanga, umene chiswe chimaulephera. Musachite nsanje. Mukakumana nawo kumeneko muwauze kuti mwana wanu anatsala pang'ono kuwapatsa nyumba ya simenti, ndikudziwa kuti adzati inali yawo kale.

Chiliza chanu tachimanga masiku atatu. Si chachikulu, koma ngodya zake ndi zoongoka, ndinaziyeza kawirikawiri mpaka Malita anati ndikuchita ngati ndikumanga boma. Simenti isanaume ndinalemba ndi msomali: AGINESI NANKHOMA. Kapu tinaibwezera pamalo pake, mkati mwa njerwa, ndipo za izo tikudziwa ndife atatu ndi inu. Kumbuyo kwa chilizacho ndajambula kamtanda ka m'kope kaja, kamuvi kake kokhotera kumanzere, kuti wina wodzabwera asadzayambire kumpoto ngati ine. Ndasiya kabowo kamodzi m'munsi. Kalatayi ndiipinda, ndiika m'botolo, ndipo mawa ndikatseka.

Simunasowe, Amayi. Munatsala pang'ono, ndipo wokusowetsani ndikanakhala ine ndi kampasi yanga. Anakusungani ndi ana awiri amene ndinkawaona ngati ana, wina ndi kathabwa, wina ndi kapu.

Ndiye imvani lonjezo langa lachiwiri, popeza loyamba latheka. Tikangomaliza kukumba kachewere, mvula isanagwe, ndikwera basi pa Nsipe kupita ku Halale. Adiresi ya kalata yake yomaliza ndili nayo, ndiyambira pamenepo, ndipo ulendo uno ndizifunsa anthu. Nditenga kope lake lija. Ndikamupeza sindikamukalipira za kukhala chete. Ndikangomuuza kuti sanalakwitse, ndipo ndidzabwera naye kuti adzayende yekha mapazi 23 aja ndi miyendo yake yaitali.

Bambo muwapatse moni. Muwauze kuti ndinawafunafuna, kungoti iwo analibe wowayezera.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ndipo tsopano ndikudziwa pokupezani.

Ine mwana wanu wa makutu okongoletsa mutu,
Matiyasi